Juzi m'chikwama cha Yamikani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno kunja ku Etobicoke tilipo, koma magazi anga ayambanso kuthamanga chifukwa cha mwana wangayu Yamikani.

Loweruka lino akunyamuka ndi anzake awiri kupita kumapiri a ku Alberta kukasaka nkhosa zakutchire za nyanga zopindika. Akakhala masiku khumi kumalo kozizira, kosagwira foni. Zonse adzasenza kumsana, ndiye akumayeza chikwama pasikelo tsiku lililonse. Ngakhale mswachi anaudula chogwirira.

Lachiwiri ali kuntchito ndinabisamo juzi yaubweya imene ndinamulukira, pansi penipeni. Atabwera anaika chikwama pasikelo, n'kundiyang'ana.

"Amayi, mwaikamo chiyani?"

"Ine? Sikelo yakoyo ndi yabodza."

Anakhuthula zonse mpaka anaipeza. Ndinadikira kuti akalipe, koma anangoseka nati, "Chabwino, ipita nawo." Kenaka anatulutsa mapaketi atatu a chakudya, cha tsiku lathunthu, kuti kulemera kubwerere pamene kunali.

Mapaketiwo ali patebulo mpaka lero, ndipo ndikamadutsa ndimawayang'ana mtima uli m'mwamba. Ndikati awabwezere, akuti chikwama chilemera. Ndikati achotse juzi, akuti sangasiye ya amayi ake.

Chonde muimbireni Lachisanu lisanafike, poti inu malume ake amakumverani. Mumuuze kuti juziyo aisiye, ine sindikwiya. Bola akadye.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinala