Pepani Wanga Anandichotsetsa Ntchito

Thamesmead, London
Novembala 2006

Okondedwa achimwene a Victor,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Chirimba. Kodi mwendo wa amayi unapola? Kuno moyo ulipo, koma ndatopa, achimwene.

Munamva kuti ntchito yanga ya kunyumba yosamalira okalamba inatha, koma simunamve mmene inathera. Gogo wina, a Ellen, anagwa m'bafa mnzanga wachizungu atawasiya okha. Ine ndinathamanga kuchokera kuchipinda china, n'kuwadzutsa ndikunena kuti sorry, sorry. Si mmene tinaleredwera? Munthu akapunthwa ngakhale tsidya lina la msewu timati pepani.

Bwana wathu Crispin anati wopepesa ndiye wolakwa. Ine anandichotsa, mnzanga uja akugwirabe. Ndine wachikuda wachitatu kuchotsedwa pamalopo.

Ndinakadandaula kubungwe la boma loona za tsankho pantchito. Anatumiza chisamani choti Crispin akaonekere, komanso alole ofufuza kucheza ndi gogoyo, amene ankauza aliyense kuti wolakwa sindinali ine. Crispin sanapite n'komwe. Kuti amukakamize, bungwelo liyenera kukapempha khothi. Nyengo yotentha yadutsa, kuzizira kwabweranso, akungoti nkhani ili ndi maloya awo. Basi yopita kuofesi kwawo ndaikwera mpaka madalaivala ayamba kundipatsa moni.

Dzina langa likapanda kuyera palibe angandilembe ntchito, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chikutha mu Malichi.

Sabata yatha a Ellen amwalira. Ndinawalira chifukwa ankandikonda, koma ndisaname, ndinkadziliriranso ndekha poti mboni yanga inali yomweyo.

Dzulo mkulu wa kubungweko anandiimbira foni. Anati popanda mboni nkhaniyi yavuta, n'kunena sorry mobwerezabwereza. Ndinamufunsa ngati iyenso amuchotsa ntchito chifukwa cha mawu amenewo. Sanamve chimene ndimatanthauza.

Tsono pempho langa ndi ili. Mwana wanga Mwayiwathu ndinamulonjeza kuti Khirisimasi ino abwera kudzakhala nane, ndipo ndamva kuti anagula kale jekete yakaunjika. Ine mphamvu yomuuza pafoni ndilibe. Mukhale naye pansi, mumuuze kuti asalongedze, mwina wobwera kumeneko ndine.

Mumuuzenso kuti mayi ake akuti pepani. Kumeneko mawu amenewa awamva mmene ndikunenera.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi onse a kumpingo. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Marjorie