Fomu Ikufuna Wamasiye

Lolemba, 8 Sepitembala

Kalata ya bungwe lolipirira ana sukulu yafika. Amutenga Kamphepo wanga! Fizi ya sekondale zaka zonse zinayi, mabuku, nsapato, ndi malo ogona omwe. Ndinasiya makina osokera n'kuvina pakhonde tepi ili m'khosi, mpaka mwini golosale yoyandikana nafe anatuluka kudzaona ngati telala wake wapenga.

Kenako ndinawerenga ndime yomaliza. Lolemba likudzali kubwera mayi wa ku bungwe "kudzacheza ndi mwana wamasiyeyo" asanasayine.

Kamphepo sadziwa kuti ndi wamasiye. Ndalemba tsopano. Anamubereka ndi akulu anga, anatisiya iye asanayambe n'kuyenda komwe, bambo ake anali atatsogola kale. Pamaliro pomwepo tinapangana pachibale kuti mwanayu asadzamve liwu limenelo. Mayi ake ndine, basi. Zaka khumi ndi zitatu palibe anatayapo pakamwa. Fomu ndinakalembera mu ofesi ya ahedi, iye ndinamuuza kuti ndi ya ana okhoza bwino.

Lachiwiri, 9

Kolala imodzi ndaisoka mozondoka kawiri. Mwini malaya akuti kodi mukudwala? Ndati mutu.

Lachitatu, 10

Mayi wogulitsa makala anakhala pabenchi langa kudikira siketi yake, pakamwa osapuma. Akuti kwa alamu ake abungwe anachotsa mwana tsiku lomwelo. Fomu inati bambo anamwalira, mwana atafunsidwa anati ali kuntchito abwera madzulo. "Safunsa iwe, amafunsa mwana. Ana sanama paja." Anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka.

Chondiwawa n'choti ine bungwe sindinalinamize. Chikalata cha imfa ndili nacho, chili pansi pa sutikesi. Amene ndinamunamiza ndi mwana. Akamufunsa kuti amayi ako ali kuti, adzaloza ine mosangalala, ndipo pomwepo ndidzasanduka wakuba wodyera ana amasiye, sukulu n'kuthera pakhonde pano. Ndi makina okalambawa sindingamufikitse ngakhale teremu yachiwiri.

Ndikamuuza? Ndikuopa maso ake. Ndilibe wina, m'mimba mwangamu simunagonepo mwana.

Lachinayi, 11

Ndinapita kugalaja kwa achimwene. Sanatuluke n'komwe pansi pa galimoto, ndimayankhula ndi mapazi. Akuti, "Walira mvula walira matope, mlongo. Muuze basi, ndi wamkulu uyu." Anthu aamuna! Pamaliro paja ndi iwowa anayamba kulumbira, lero akuyankhula ngati akusintha tayala. Ndinati ndiye bwerani mudzamuuze ndinu, si ndinu malume? Akuti Loweruka ali ndi injini ya munthu.

Lachisanu, 12

Ndaimba ku ofesi ya bungwe. Ndinafunsa mozungulira ngati n'zotheka kuti funso la makolo alilumphe. Bambo amene anayankha anali waulemu ndithu, koma akuti ayi, ena anawapusitsapo kwambiri. Anawonjezanso kuti mwana azilembera kalata munthu womulipirira kawiri pachaka, kufotokoza za moyo wake. Ndiye ngakhale titazemba Lolemba, kalata ikutidikira kutsogolo.

K. wabwera ndi mndandanda wa zofunika kusukulu, waumata pakhoma. Akuimba nyumba yonse.

Loweruka, 13

Ndimamuyeza yunifomu. Ndinati lero ndi lero, ndikafika pa mpendero ndiyamba. Ndagwada pansi, mapini ali pakamwa, iye n'kunena kuti, "Koma amayi, miyendo yaitaliyi ndinaitenga kuti? Inu mukakhala pampando mapazi safika pansi." Anaseka. Ndi miyendo ya akulu anga yeniyeni, ndi kasekedwe komwe.

Mpata unali umenewo. Ndinangoti imirira bwino ndingakubaye. Ndine wamantha, ndavomera.

Lamulungu, 14

Ndamuuza.

Ndinadikira masana pomuluka tsitsi, atakhala pansi pakati pa miyendo yanga, chifukwa choncho sakanandiona kumaso. Ndinayamba ndi dzina la akulu anga, amene iye amawadziwa ngati mayi aakulu a pachithunzi cha pabalaza. Ndinanena zonse mothamanga ngati ndikutaya madzi otentha. Khosi lake linauma m'manja mwanga.

Ndimayembekeza kulira, kapena kuti andikankhe athawe. Ayi. Patapita nthawi anafunsa, "Malume akudziwa?" Ndinati inde. "Ahedi?" Inde. "Ndiye ndine ndekha." Ndinati ndimakuteteza mwanawe, sindinafune kuti anzako azikuloza chala. Anangoti, "Malizani kuluka, mbali iyi yatsala."

Ndinamaliza. Mizere yapita mokhota, sanadandaule. Madzulo anatsitsa chithunzi chija n'kulowa nacho kuchipinda. Chiyambire masana sanandiitane ndi dzina lililonse. Akafuna kanthu akungoyamba ndi "kodi".

Lolemba, 15

Mayi wa ku bungwe anafika cha m'ma teni, wamagalasi, wa mawu ofatsa, fayilo ili m'khwapa. Anaona chikalata cha imfa, anaona malipoti a kusukulu, kenako anati ndituluke pang'ono. Ndinakaima kuseri kwa chitseko.

"Amayi ako ali kuti, mwanangu?"

Ndinagwira khoma.

"Anamwalira ndili wakhanda. Abambo ndiwo anatsogola." Mawu osalala, ngati akuwerenga pabolodi.

"Nanga amene ukukhala nawowa ndi ndani wako?"

Ndinamva mpando ukulira.

"Ndi ang'ono awo a amayi anga. Ndi amene akundisunga."

Mayi uja anasayina. Potuluka anandigwira dzanja, akuti mwamulera bwino, ana ambiri safotokoza momveka chonchi. Sukulu ayamba pa 29. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu ndikumwetulira ngati chitsiru.

Nditabwerera ndinakhala pamakina kuti ndimalize yunifomu ija, ulusi osalowa pa singano. Ndinamva "odi" pakhomo la chipinda chosokera. Odi, m'nyumba mwake momwe, mwana amene amalowa ngati mphepo n'kugwetsa nsalu za anthu. Ndinati lowa. Analowa pang'onopang'ono, anagwada patali, manja pamodzi monga amachitira kukabwera alendo.

"Ndimati ndithokoze," anatero. "Zikomo kwambiri pondisunga zaka zonsezi."

Anadikira pang'ono, kenako anadzuka n'kutseka chitseko bwinobwino, osachimenyetsa.