Chiliza cha Amayi Chiyambe Chadikira

Okondedwa achemwali a Jacinta,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Joni chikukusiyirani mpweya. Kuno ku Mitundu tili bwino, tatukuka mpaka tikusowa popondapo.

Mukuzikumbukira sukulu ziwiri zogonera komweko zija za ana a mabwana, yathu ino ndi ya ku Nathenje? Mpikisano wawo wafika posauzana. A ku Nathenje atakumba dziwe losambiramo, athuwa anakumba lalikulu koposa, chonsecho mjigo wathu unauma kalekale. A ku Nathenje atamanga nyumba yosanja, athuwa anati akufuna bwalo lothamangitsirapo mahatchi. Mahatchi, achemwali, kuno kumene ngakhale bulu timachita kubwereka!

Tsono hatchi imafuna malo. Amalume a Patson, monga eni mbumba, anapita kukatimverera nkhaniyi, ndipo anabwerako atakwera njinga yamoto yatsopano. Nditawafunsa anati, "Mphwanga, yunivesite yonse ija, chitukuko sukuchidziwa?"

Dimba lathu lija lapita. Mpanda wanjerwa wadutsa kuseri kwa mkuyu, ndipo mukudziwa amene tinawagoneka pansi pa mkuyuwo. Loweruka ndinapita ndi khasu kuti ndikalambule. Mlonda wa sukulu anandibweza mwaulemu, nati makolo amaona ana Lamulungu loyamba la mwezi. Ndinafunsa tsiku limene ana amaona makolo. Anati limenelo kulibe.

Simenti ya chiliza cha amayi munatumiza ija ndaisunga pouma. Musagule kaye tikiti ya basi. Dzulo ndinasuzumira pamwamba pa mpanda, ndipo mkuyu uja aupaka penti yofiira, ija amapaka mitengo yoti idulidwe.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Chithokozo