Maluwa Amene Akamwini Anu Sanadzale

Kepitauni,
Seputembala

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu kumeneko ku Kabudula. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mwana wanga Pilirani akudya bwino, kusukulu akupita? Ine m'thupi ndili bwino, koma za akamwini anu, a Hilario, sizili bwino. Pa foni ya amalume sindimatha kunena zonse chifukwa mwanayo amakhala ali pomwepo kudikira kuti alankhule nane. N'chifukwa chake ndapatsira kalata ino a Gilbert, aja amanyamula katundu wa anthu kubwera naye kumudzi. Faith mng'ono wanga, usanayambe kuwawerengera amayi, Pilirani umutume kaye kumjigo.

Chifuwa chija tinkati n'cha kuzizira, madokotala anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu, cha mtundu wosamva mankhwala. Anawagoneka mu Juni m'chipatala cha odwala matenda amenewa okhaokha. Ndimapitako Lamulungu, nditaphimba kukamwa ndi mphuno, ndipo timakhala panja pa benchi, wina uku wina uko. Aonda, amayi. Wotchi yawo ija ikumatsetserekera mpaka pachigongono.

Mukudziwa kuti ankasamala maluwa panyumba ya adona ena kuno. Asanadwale anakwirira mbewu zambiri zonga anyezi, zimene zimagona m'nthaka nthawi yozizira n'kudzatuluka kukayamba kufunda. Kuno zinthu n'zotembenuka, mvula imagwa mu Juni ndi Julaye, ndipo mwezi uno, pamene kwathu kuli fumbi ndi lupsa, kuno ndiye maluwa ali ponseponse. Poopa kuti ntchito ingawathere, ndinapempha adonawo kuti ndiziwagwirira ine masiku amene sindikuchapa kwa anthu ena. Anavomera. Koma ine ndinakulira m'mizere ya chimanga ndi fodya, sindinkatha kusiyanitsa duwa ndi udzu. Tsono bambo a Pilirani anati ndizijambula chilichonse pa foni n'kumawatumizira, iwo azindiuza chochita ali gone.

Zithunzi zoyamba zinali zochititsa manyazi. Pena chala changa chatchinga pakona, pena mthunzi wa mutu wanga wagwera pa duwa. Mphepo ya kuno siipuma, ndiye duwa limagwedezeka, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi. Tsiku lina anandifunsa ngati chimene ndawatumizira ndi duwa kapena nkhuku yothawa. Kanali koyamba kuwamva akuseka chiwagonekereni.

Pang'onopang'ono dzanja linazolowera. Ndinaphunzira kupukuta kagalasi ka foni ndi nsonga ya chitenje, kugwada n'kutsamiritsa zigongono pansi, kutchinga mphepo ndi katoni, ndi kugwira mpweya podina. Ndinaonanso kuti dzuwa likafika pamutu maluwa oyera amatuluka ngati pepala, bola m'mawa. Namwino wina anandiuza kuti akamwini anuwo amatha tsiku lonse akukulitsa zithunzizo ndi zala, ndipo odwala anzawo amabwera kudzaona nawo. Nkhono zimene zinkadya masamba anaziona ndi iwo ali m'chipatala, ine amene ndinali pomwepo osaziona.

Kumapeto kwa Ogasiti, maluwa atangomasula bwino, adona anandiimitsa pageti. Anati munda ukufuna munthu wa tsiku ndi tsiku ndipo amupeza kale. Anatinso zidzukulu zawo zimasewera pakapinga, sakufuna kuziika pachiswe ndi matendawa, ngakhale ndinawaonetsa kuti ine anandiyeza ndipo ndilibe. Anandipatsa mtolo wa maluwa amene a Hilario anadzala, atawadula okha. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinathokoza n'kubwerera.

A Hilario sindinawauze. Maluwawo ndinawaika m'botolo kunyumba n'kumawajambula pafupi kwambiri kuti malata a khoma asaoneke. Atafota ndinasowa chotumiza, mpaka ndinayamba kupita m'mbali mwa njanji imene imadutsa kuseri kwa kumene tikukhala. Kumeneko kwamera maluwa akutchire, oyera, achikasu ndi ofiirira, atayala pamchenga ngati munthu wayanika nsalu. Ali ndi khalidwe lawo. Kukachita mitambo amatseka, ndipo akatsegula amayang'ana kudzuwa, ndiye uyenera kulipatsa msana dzuwalo kuti akuyang'ane iwe. Amamera pakati pa mabotolo osweka ndi majumbo, kotero ndimachita kugona chafufumimba kuti zinyalala zisalowe m'chithunzi. Tsiku lina ndili chigonere choncho, mwamuna wina anandiponda dzanja kuti alande foni. Ndinaikanirira n'kukuwa, amayi ogulitsa nyama yootcha pafupi n'kuthamangira. Chala chimodzi chikadali chotupa, koma foni ndili nayo.

Lamulungu lapitali ndinakawaona a Hilario. Anatenga nthawi akuyang'ana zithunzizo, kenaka anati tsopano ndadziwa kujambula, ndingathe kupikisana ndi ajambuli a pa Nsaru. Ndisanakondwe n'komwe, anawonjezera kuti koma maluwa amenewa iwo sanadzale, ndipo palibe munthu amadzala. Anafunsa kuti ntchito yawo watenga ndani. Ndinawauza zonse. Sanakwiye, sanandifunsenso chifukwa chimene ndinabisira. Anangofuna kudziwa ngati munthu watsopanoyo akudziwa kuti maluwa akafota masamba sadula, chifukwa ndi amene amadyetsa mbewu ya pansi kuti idzamerenso chaka chamawa. Ali mkati molankhula chifuwa chinawagwira. Pa kansalu kamene anatseka pakamwa panali magazi, ndipo namwino anawalowetsa ndisanatsanzike.

Ndikutuluka, dokotala anandiitanira pambali. Anati mankhwala awasinthiranso ena, koma mapapo awonongeka kwambiri ndipo thupi silikulandira. Anandifunsa ngati kumudzi kuli abale oyenera kudziwa, n'kunena kuti ndi bwino adziwe tsopano. Ndinakhala pa siteji mabasi akundidutsa, osadziwa kuti ndikudikira chiyani. Apongozi ku Nambuma ndawalembera yawo, ili ndi a Gilbert omwewo.

Mu envelopumu muli zithunzi zimene ndatsukitsa. Zimene ndalemba dzina la a Hilario kumbuyo ndi za maluwa amene anadzala ndi manja awo. Mumusungire Pilirani m'Baibulo lanu, chinyezi ndi mphemvu zingaziwononge.

Pempho langa ndi limodzi. Dzulo pa foni akamwini anu anati maluwa a kuno awatopetsa, ngakhale mayina ake lilime limakana. Akufuna aone chiluwe cha kudimba kwanu, ndiponso aone mwana wawo, amene anamusiya asanagweluke mano. Muwapemphe amalume a Nasoni apite ndi Pilirani kudimba m'mawa, amuimike pakati pa maungu pamene pali maluwa, amujambule n'kunditumizira. Muwauze kuti dzuwa likhale kumsana kwawo, ndipo agwade kuti nkhope ya mwana ioneke pafupi. Ajambule kambirimbiri, ndidzasankha kuno. Inunso mukhalepo pa chimodzi. Mwanayo musamuuze chifukwa, mungoti adadi ake akufuna aone mmene watalikira.

Ndikukudziwani, amayi, mudzafuna kuti ayambe walukitsa tsitsi, kapena mudikire tsiku la msika kuti mumugulire diresi. Chonde musatero. Kalatayi ikafika madzulo, apite mawa lake, ndi zovala zimene wavalazo.

Mundiperekere moni kwa amalume a Nasoni ndi akazi awo, kwa azakhali ku Mpingu, kwa achimwene a Jacob ndi alamu. Amayi a Chigwirizano muwauze atikumbukire akakumana. Faith, zikomo powerenga mpaka pano, upukute m'maso mwanayo asanabwere ndi madzi. Pilirani mumuuze kuti amayi ake amukonda.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Anesi