Khosi la simenti

Lolemba, 4 Ogasiti

Mkazi wanga Mwanahalima wapita kwa mlongo wake Sadick ku Kanyenda. Watenga mkeka wake woswalira ndi ndowa yabuluu. Chifukwa chake ndi dainoso, chinyama chachikulu chamakedzana, chimene ndikuumba pabwalopa. "Bambo a Zaidi, pakhomo pa chifanizo malaika safika. Ine ndikhalapo bwanji?" Ndinati chinyamachi chinatha kalekale, malaika, angelowo, sangachizindikire. Sanaseke.

Aphunzitsi a Raston ndiwo andipatsa ntchitoyi. Chasimenti, chotalika kuposa denga, adzachinyamula pa thirakitala kupita kusukulu kwawo ku Nkhunga. Moyo wanga wonse kumanga zimbudzi ndi mipanda ya eni. Ichi chokha ndicho ndachikonda ndi mtima wanga.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kumzikiti salamu zazifupi. Kubwerera ndekha.

Miyendo yatha. Ndaitambasulira m'mbali ngati ya ng'ona za ku Bua, poti buluzi wamkulu amene ndimamudziwa ndi ameneyo. Kadongo kanga koyeserera kanaima bwinobwino, ndiye ndangoyeza ndi chingwe, chilichonse kuwirikiza, monga ndimachitira ndi pulani ya nyumba.

Tiyi wopanda shuga. Sindikudziwa komwe amasunga.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Miyendo yonse yathyoka m'mawondo. Mimba pansi, khaa! Matumba a simenti apita pachabe.

A Raston anaseka mpaka kugwira mpanda. "Mukakulitsa chinthu kawiri, kulemera kumawonjezeka kasanu ndi katatu, koma kunenepa kwa mwendo kanayi basi." Akuti zikuluzikuluzo miyendo inali yowongoka pansi pa thupi, ngati nsanamira za khonde, ngati ya njovu. Sizinkathamanga. Phazi limodzi, kenako lina, mchira ukulinganiza khosi. Akuti pali malire, chikanapitirira pamenepo mafupa ake omwe akanachipereka.

Atachoka, bwalo zii. Ndinalakalaka wina wondiseka m'nyumba muno.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Chaima! Miyendo inayi njoo, yonenepa ngati migolo. Ndinachizungulira, kuchikankha ndi phewa, osagwedezeka. Ndinatembenuka kuti ndiitane munthu adzaone. Nkhuku zokha.

Ndaimba foni. Wayankha ndi Sadick. "Alamu, ali bwino. Chija mwaphwanya?" Mayunitsi anatha ndisanayankhe, ndipo ndinathokoza.

Kusungulumwa kukundipweteka. Ndalemba, ndi zoona.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Khosi. A Raston anandiuza kale kuti mafupa a khosi anali ndi mphako za mpweya, opepuka ngati a mbalame, nchifukwa chake chinkatha kulinyamula. Ndinamva. Koma dzanja la mmisiri silikhulupirira chinthu chamkati mopanda kanthu. Ndathira simenti mpaka kudzaza.

Ndachipatsa maso ofatsa. Chikuyang'ana kumsewu.

Malaya onse akuda. Sopo watha.

Loweruka, 30 Ogasiti

Mwera wamphamvu m'mawa. Ndikuchotsa mitengo yochirikiza, khosi linalira kamodzi n'kuduka patsinde. Mutu zidutswazidutswa. Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinalira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

A Raston akuti tisataye mtima. Adzatumiza paipi ndi waya wa nkhuku, khosi latsopano likhale lamphako, simenti yongopaka pamwamba. Ndavomera msangamsanga.

Lachiwiri, 2 Sepitembala

Wabwera.

Ndinamva ndowa ikulira pakhomo ndisanamuone. Wawonda pang'ono. Anaima n'kuyang'ana chithupicho nthawi yaitali. Nkhani inafika ku Kanyenda, ndipo Sadick wamuuza kuti chopanda mutu si chifanizonso. "Tsopano ndi chulu chabe ichi. Ndiyanikapo mphasa." Wayanikadi.

Wasesa. Wandikalipira za mapoto, za malaya, za nkhuku yogona kukhitchini. Ndimangomvetsera ngati wailesi yabwino. Sindinadziwe kuti ndinasowa kukalipiridwa chonchi.

Masana anandigwira mkono, chinthu chimene sachita pabwalo. "Ndinadziwa kuti mudzasankha ine." Akuganiza kuti ndinaligwetsa dala.

Sindinamuwongole.

Meseji ya a Raston yalowa: paipi ifika mawa m'mawa pa kabaza, ndikhale pakhomo. Mwanahalima ali kuseri, akuimba akutsuka mbale. Foni ili m'manja, ndalemba kale kuti "Aphunzitsi, musatumize," koma chala chikukana kudina kuti mesejiyo ipite.