Tenisi ya Khutu Limodzi

Leeuwarden
9 Novembala

Okondedwa achimwene Sjoerd,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada pamodzi ndi alamu anga Marrit. Kuno ndi mvula ndi mphepo basi. Tchizi munapempha chija ndatumiza, ngakhale mtima sunafune.

Chichokereni inu, chimene chimandisangalatsa Lamlungu ndi tenisi yathu ya pafoni ija, yosewera ndi makutu. Munati, "Muno mulibe woona, mulibe wosaona." Ine kupusa, ndinakhulupirira. Nditayamba kukugonjetsani mlungu ndi mlungu ndinatumbwa, mpaka kukadzitama kwa Fedde, mnzanga wosaona ngati ine amene timakwera naye basi.

"Tabweretsa foniyo ndimve mmene munasewerera," anatero. Atamvera pang'ono masewera athu amene foni inasunga, anaphulika kuseka.

"Iwe Wietske, ukusewera ndi munthu kapena mpando? Mpira uliwonse wakumanzere akuuphonya. Ameneyu wavala hedifoni khutu limodzi!"

"Bodza! Achimwene anga sangatero."

"Ndiye linalo analiiwala m'ndege?"

Ndinachita mantha, achimwene. Ndinaganiza kuti khutu lanu likufa ngati la malemu bambo, ndipo mukundibisira. Ndinaimbira alamu, iwo n'kungoseka. "Ayi mlamu, khutu lili bwinobwino! Linalo amamvera mpira wamiyendo pa wailesi yakanema. Akuti bola azichita ziwiri nthawi imodzi."

Zandiwawa, ndipo sindibisa. Mukanangonena kuti mwatopa nazo, ndikanalira n'kuiwala. Anthu mumsewu amandikoka mkono osandifunsa, ena amapatsa moni galu wanga wonditsogolera ine ndili pomwepo, ndipo ndinazolowera. Koma inu? Ine ndimatseka mawindo, kuzimitsa wailesi, kutsekera galu kukhitchini, kuti ndikumveni bwino mukamamenya mpira. Inu mumandiponyera zotsala, kenako n'kumati, "Wakula luso, mlongo wanga." Ha!

Lamlungu likubwerali musavutike, dzina lanu ndalifufuta m'masewerawo. Ndapeza mayi wina wa ku Bergen, sindimudziwa n'komwe. Amandikwapula mopanda chisoni, ndipo akatero ndimamva kuti ndine munthu.

Moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chonena zoona mosadziwa. Moni kwa ana, azakhali awo amawakonda. Kwa inu moni ndilibe lero, mwina m'chilimwe. Mukafuna kuyankha musaimbe foni, mawu anu sindikuwakhulupiriranso.

Ndine mlongo wanu, amene ankakumverani ndi mtima wonse,

Wietske