Mzime ndi Nthano Yake ya Nkhuku

Lolemba, 9 Juni

Alamu afika, mlongo wawo wa bambo a ana anga, aja amagwira ntchito ku laibulale m'tauni. Galimoto yobwereka, fumbi mpaka m'nsidze. Kumbuyo makatoni a mabuku ndi tenti yong'ambika pakona. Akuti Loweruka lino chikondwerero cha mabuku a ana chichitikira pasukulu pathu pano. Kuno, abale, kumene ngakhale basi imabwera mochita kunyengerera! Kudzafikanso wolemba mabuku weniweni ndi wojambula zithunzi.

Mayi amenewa amandigometsa. Chaka chonse kugogoda m'maofesi kupempha mabuku, tchuthi chawo n'kudzathera kuno. Nsapato zawo zatha zidendene. Ndawafunsa kuti bwanji osangochitira m'tauni momwemo, muli holo ndi magetsi. Ati, "Alamu, mwana wa m'tauni buku amaliona ngakhale pawindo la sitolo. Anu aja ndani adzawapititsire?"

Lachiwiri, 10 Juni

Msonkhano wa aphunzitsi. Ahedi ndi dongosolo lathu la nthawi zonse kukamabwera alendo: kusankha ana khumi ochangamuka, kuwaloweza ndakatulo yolonjera mpaka azichita kuilota, a yunifolomu yabwino kutsogolo, otsalawo kuseri kwa tenti. Ntchito yosankhayo andipatsa ine, poti ndine wa Sitandade 5.

Alamu akana, koma mwaulemu, akumwetulira. Ati sanabwere kudzaonerera perete. Mwana aliyense amene alembe nthano adzawerenge yekha pamaso pa anthu. Ahedi amvekere, "Mayi, mudzatichititsa manyazi." Alamu osatekeseka. Angotsegula makatoni pakapinga n'kuitana ana onse, ndi a mamina omwe. Kamtsikana kena kanayamba kanunkhiza buku kasanalitsegule. Ine mtima unali pa zala zakudazo. Alamu ati buku loyera ndi buku lopanda mwini.

Lachitatu, 11 Juni

Zandigwera. Mwana wanga wamkazi, Mzime, walemba nthano. Zaka khumi, ali m'kalasi mwanga momwe, ndipo chibwibwi chake n'chija choti liwu limodzi limakakamira pakhosi mpaka misozi. Sindimuloza kuti awerenge. Kusitolo, kuchipatala, ndimamuyankhulira ndine. Anyamata a m'kalasi amamutcha Injini, ati ngati galimoto yokana kulira m'mawa.

Nthanoyo ndi ya nkhuku imene inasankha kuikira mazira mu ofesi ya ahedi. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Mwana wanga uja ali ndi nthabwala zotere? Koma akufuna kudzawerenga yekha Loweruka.

Ndapeza nzeru. Awerenge mwana wa anesi, uja amayankhula ngati wailesi, dzina la Mzime lingotchulidwa. Ndamuuza Mzime. Wapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachinayi, 12 Juni

Takangana ndi alamu kuseri kwa kalasi. Funso lawo limodzi lokha: nthanoyo ndi ya yani? Magazi anandikwera. Ndawauza kuti iwo sabata yamawa abwerera kwawo m'tauni, wotsala ndi mwana wosekedwa mpaka adzamalize sukulu ndine. Makolo onse adzakhalapo. Akadzamuseka pagulu, kamwa lake lidzatsekeratu.

Ndimayesa andilalatira. Ayi ndithu. Ati, "Zoona zimenezo, mantha anu si abodza. Koma mufunseni mwiniwake, ndipo mudikire ayankhe." N'kubwerera kukasoka tenti yawo ndi singano ya matumba. Munthu wosakwiya amavuta kukangana naye.

Bambo ake a Mzime, monga mwa masiku onse: "Za aphunzitsi izo, ine musandilowetsemo." Chikhalirecho mlongo wawoyo amamuopa.

Lachisanu, 13 Juni

Ndamufunsa Mzime. Yankho lachedwa, ine manja ali kuyabwa. "Ndi-ndi-ndiwerenga." Basi.

Ndamupindira diresi. Tenti yaima, alamu ali pamwamba pa makwerero, chingwe kukamwa, akulamula amuna akuluakulu.

Lamlungu, 15 Juni

Dzulo sindikanatha kugwira cholembera.

Anthu anadzaza, ena mpaka kusiya malonda awo kumsika. Wolemba mabuku uja, kabambo kafupi, magalasi omanga ndi ulusi. Ana anakhumudwa poyamba, amayembekezera chimphona. Wina anawafunsa ngati nawonso amalakwitsa polemba. Iwo anatulutsa pepala lofufutafufuta kuposa la mwana wa Sitandade 2, ana n'kufa nazo kuseka. Wojambula anajambula mlonda wathu pabolodi, ndi makutu ake omwe.

Isanayambe nthawi yowerenga, alamu anaika lamulo limodzi: wina akamawerenga palibe womuthandiza, kaya mphunzitsi kaya kholo. Sanandiyang'ane, koma ndinamva.

Mzime anakwera. Liwu loyambalo linakana. Kumbuyo mnyamata wina anayamba kulira ngati injini, ena n'kuseka. Mayo ine! Ndinadzuka kuti ndikamutsitse. Dzanja la alamu pabondo langa, lolimba ngati la mmisiri. "Khalani pansi, alamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndiye bambo olemba aja anachoka pampando wa alendo n'kudzakhala pansi padothi patsogolo pa Mzime, miyendo yopinda, chibwano m'manja, ngati mwana wodikira nthano. Ana ataona zimenezo, kuli zii.

Liwu linatuluka. Kenako lina. Pang'onopang'ono, kugwa n'kudzuka. Atafika pamene nkhuku inaikira dzira m'chipewa cha ahedi, iwo n'kuchivala pa asembule, tenti yonse inaphulika. Ahedi enieniwo misozi mbwembwembwe, akumenya tebulo. Mzime anachita kuima kudikira kuti anthu amalize kuseka. Iyeyo kudikira anthu! Ndinamuona akumwetulira. Chibwibwi sichinamusiye mpaka kumapeto, koma palibe anadzuka.

Ndinalira pagulu, mphunzitsi wamkulumkulu. Bambo ake aja osalowerera za aphunzitsi ndiwo anaomba m'manja motalikitsa, akuuza aliyense kuti mwanayo ndi wawo.

Lachiwiri, 17 Juni

Alamu anyamuka dzulo m'mawa, tenti kumbuyo, ati chigawo china chikudikira. Mawu anawathera, amangonong'ona. Ndinangowagwira manja onse awiri. Mabuku atisiyira, ali pashelefu m'kalasi, opanda loko. Ahedi avomera okha.

Anyamata aja sanasinthe onse. Pa buleki ndamva wina akuti Injini. Koma awiri abwera kudzamufunsa Mzime ngati nkhukuyo inagwidwa.

Pobwera kusukulu masana, ine ndi Mzime, tanyamula makope. Wayamba: "Amayi, chaka chamawa azakhali akadzabweranso, ndi-ndi-ndi..." Mathero ndinali nawo kale pamilomo: ndidzawerenganso. Ndaluma lilime. Tadutsa chigayo, tadutsa pampopi, ine chete, thukuta kamukamu ngati wachibwibwiyo ndine.

"...ndidzalemba za inu."

N'kuthamangira kutsogolo akuseka.

Kalanga ine! Zaka zonsezi ine ndikuyankhula, iye ali phee kundiyang'ana. Waona zingati mwana ameneyu?